Kodi ma Scorchers ndi a Chawinga awiri okha?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Bangwe. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 1, ndipo akaweruka kusukulu sakhala pakhomo, amakhala ku bwalo. Bambowo akuti anzawo pa bawo amawauza kuti mpira wa atsikana kuno ulibe mbiri, kuti ma Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa amayi, ndi Tabitha ndi Temwa Chawinga basi, awiriwo akadzasiya timu idzathera pomwepo. Ndiye akufunsa: kodi timuyi yachitapo chiyani kunja kwa dziko lino choti kholo lingalolere mwana kutsata njira imeneyi?

Bambo, zikomo polemba. Funso lanu ndi la kholo lomwe likuganizira mwana, ndipo ndiliyankha mosabisa.

Chiyambi chinali chowawa. Mu 2002, pa mpikisano woyamba wa amayi wa COSAFA, wa maiko a kummwera kwa Africa, ku Harare, Zambia inatithira zigoli 8 kwa duu. Kwa zaka zambiri pambuyo pake timu inkangosonkhanitsidwa mpikisano ukayandikira, kukonzekera masiku ochepa, kukasewera, kubwerako, aliyense kwawo. Atsikana aluso analipo, koma masewero ndi omwe ankasowa. Timu yosewera kamodzi pachaka singadziwane, ngakhale mutaikamo akatswiri otani.

Ine ndinayamba kuitenga timuyi ngati yanga mu 2019. Chaka chimenecho, pa ndime yachipulula ya ma Olympics, tinaichinya Mozambique 11-1 pa Kamuzu Stadium pompano. Ndinalipo. Pafupi nane panakhala agogo ena atafunda chitenje, atanyamula kathumba ka mtedza wogulitsa, ndipo chigoli chachisanu chitalowa anasiya malonda, n'kuyamba kuwerenga zigoli ndi zala mokweza, nthungululu zili pakamwa. Mtedza uja tinamaliza kugula ife masewero atatha. Kenako tinagonjetsa Kenya 3-2 pa bwalo lomwelo, koma kwawo anatibwezera 3-0, ulendo n'kuthera pomwepo. Chaka chomwecho ku COSAFA tinamwetsa Comoros 13-0.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mukawauze anzanu a pa bawo aja. Mu 2021 ma Scorchers anafika ndime yomaliza ya COSAFA koyamba, atagwetsa South Africa 3-2 m'ndime ya matimu anayi. A Chawinga onse awiri kunalibe, anali ku China. Chikho chinatiphonya, Tanzania inatiposa 1-0, koma atsikana omwe anatifikitsa kumeneko ambiri anali osewera m'mabwalo afumbi omwewa.

Mu Okutobala 2023 chikho chinabwera. Mphunzitsi anali Lovemore Fazili. Tinapambana masewero onse: South Africa 4-3, Eswatini 8-0, Madagascar 3-1, Mozambique 2-1, kenako Zambia 2-1 ku Pretoria. Temwa anagoletsa zigoli 9 mu mpikisano wonsewo ndipo anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse, zimenezo palibe angatsutse. Koma Tabitha sanapite nawo, ndipo zigoli ziwiri za ndime yomaliza sanamwetse Temwa. Choyamba chinali cha Asimenye Simwaka, mtsikana yemwenso ndi katswiri wothamanga, anaimirapo Malawi pa liwiro ku ma Olympics a ku Tokyo. Zambia itabweza ndi penate kumapeto, mitima ili m'mwamba, Sabinah Thom ndiye anatiwombola nthawi itatsala pang'ono kutha. Ndinaonera ku Ndirande m'kanyumba ka vidiyo kodzaza anyamata, ena mwa iwo omwe ankati abwera kudzangotaya nthawi. Chigoli cha Thom chitalowa benchi inathyoka, ndipo mnyamata wina anatuluka panja akuthamanga ndi nsapato imodzi. Kumbukirani kuti ma Flames, ndi mbiri yawo yonse, chikho cha COSAFA sanachitengepo; anafika ndime yomaliza mu 2002 ndi 2003 n'kubwerako chimanjamanja. Sindikunyoza ma Flames, ndimawakonda, koma chilungamo chizinenedwa.

Ndisakunamizeni kuti COSAFA ndi nsonga ya phiri. Ndi mpikisano wa chigawo chathu chino, ndipo maiko ngati South Africa nthawi zambiri satumizako osewera awo onse odziwika. Muyeso weniweni ndi WAFCON, chikho cha Africa yonse, chomwe pofika 2025 Nigeria inali itatenga kakhumi ndipo South Africa inatenga mu 2022. Kumeneko tinali tisanapondeko. Mu 2021 Zambia inatitsekera khomo, titalepherana 1-1 ku Lilongwe n'kugonja 3-2 ku Lusaka. Chigoli chimodzi chokha. Ndipo Zambia yomweyo inapitirira mpaka ku World Cup ya 2023. Zimenezi zinandipweteka kwa nthawi yaitali, chifukwa zinaonetsa kuti kusiyana kwathu ndi iwo sikunali pa luso. Anzathuwo timu yawo inkasewera pafupipafupi.

Khomo lija linatseguka pa 28 Okutobala 2025. Titalepherana 0-0 ndi Angola ku Luanda, tinawagonjetsa 2-0 pa Bingu National Stadium, n'kudzigulira malo ku WAFCON ya ku Morocco koyamba m'mbiri yathu. Zigoli zonse ziwiri anagoletsa Faith Chinzimu, mtsikana wamng'ono wochokera ku sukulu ya mpira ya Ascent ku Lilongwe, yemwe anapita kukasewera ku BK Häcken ku Sweden. Mnzake wa ku Ascent komweko, Rose Kabzere, anatengedwa ndi Montpellier ku France. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la timuyi lakhala likusenzedwa ndi mitu yambiri kuyambira kale, kungoti maso athu amathamangira pa mayina awiri.

Komatu mayina awiriwo tisawachepetse. Ana a ku Rumphi amenewa achita zomwe wosewera mpira aliyense wa dziko lino, mwamuna kapena mkazi, sanachitepo. Tabitha anaposa onse pa zigoli mu ligi ya ku Sweden mu 2017, anachitanso chimodzimodzi ku Italy ali ku Inter Milan ndi zigoli 23, ndi ku France ali ku Paris Saint-Germain, asanapite ku Lyon. Temwa, yemwe anaseweraponso Blantyre Zero mumzinda muno, anafika ku Kansas City Current mu 2024 n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, chiwerengero chomwe wina aliyense anali asanachifikepo, ndipo anasankhidwa wosewera wopambana wa chakacho. Mu 2025 ulemu umenewu unabwereranso kwa iye. Phindu lawo lalikulu kwa mwana wanu ndi lakuti atsegula maso a makalabu akunja: lero akamva kuti mtsikana ndi wa ku Malawi, amafuna amuone.

Pa za mwana wanuyo, bambo, sindikulonjezani kuti adzakwera ndege. Ambiri omwe amasewera safika kunja, ndipo ndalama za mpira wa amayi kuno zikadali zochepa kwambiri. Sukulu asasiye, zimenezo musagonje nazo. Chomwe chasintha n'chakuti tsopano kuli ligi ya dziko lonse ya amayi, yomwe inayamba mu 2025 mothandizidwa ndi National Bank of Malawi, kutanthauza kuti mtsikana atha kusewera sabata ndi sabata, chinthu chomwe akuluakulu ake a 2002 sanachilawe. Ndipo inu muli pabwino, chifukwa Ntopwa, imodzi mwa matimu odziwika a atsikana, ndi ya kwanu ku Bangwe komweko.

Chomwe ndingakupempheni ndi ichi. Musamutumize yekha. Pitani naye kokonzekera, mukamuone mphunzitsi maso ndi maso, mudziwe amene amayenda ndi atsikanawo akamapita kutali, ndiponso ngati pali mayi wamkulu pagululo. Funsani nthawi yoweruka, kuti mdima usamupeze panjira. Loweruka lina kukakhala masewero pa Mpira Stadium ku Chiwembe, kwerani naye minibasi mukaonere limodzi, amayi ake asatsale. Pobwerera mudzere mumsika wa Limbe, pa kaunjika pamapezeka jombo zabwino ndithu. Mumugulire yokulirapo pang'ono, phazi la mwana wa Fomu 1 likadakula.