Kanyumba ka mitengo ka ku Cardston

Mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Calgary, m'dziko la Canada, wandilembera imelo. Akuti popita kukaona mapiri a Waterton anadzera m'tauni ya Cardston, ndipo m'mbali mwa msewu waukulu anaona kanyumba ka mitengo yosanjikiza, kakang'ono koma kosamalidwa ngati dzira. Akufunsa kuti: "Kanyumba kameneka kali ndi chiyani, nanga a Mormon anadzatani kudera lozizira chonchi?"

Zikomo mayi. Anthu amenewa anafika kumeneko akuthawa ndende.

Mwini nyumbayo anali Charles Ora Card wa ku Logan, m'dera la Utah ku America. Sanali munthu wamba. Ndiye anayang'anira ntchito yomanga kachisi wa ku Logan, ndipo anali mkulu wa mipingo ya ku Cache Valley mu Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ake amatchedwa a Mormon, womwewu wa anyamata a malaya oyera amene timakumana nawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma anali wamitala, ndipo lamulo la Edmunds la 1882 linkaponya amitala m'ndende. Mu 1886 anamugwira, iye n'kudumpha m'sitima, liwiro mtondo wadooka. Maganizo ake anali ku Mexico, koma John Taylor, mtsogoleri wa mpingo amene anabadwira ku England, anamulozera kumpoto ku Canada, m'manja mwa Angelezi.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho Card anakazonda malo n'kusankha m'mphepete mwa kamtsinje ka Lee Creek. Mu Juni 1887 anthu pafupifupi 40 anafika pa ngolo, ndi ng'ombe zawo. Kumeneko Juni ndi chiyambi cha nyengo yotentha, koma chipale chofewa chinawalonjera atangofika. Chigawo cha Alberta, mmene muli Cardston lero, chinali chisanabadwe. Chinadzakhazikitsidwa mu 1905.

Nyumba munaionayo inamangidwa chaka chomwecho cha 1887. Anthu amaitchula dzina la bambo, koma kwa ine nkhani yake yokoma ndi ya mayi. Zina, mkazi wa Card amene anapita naye ku Canada, anali mwana wa Brigham Young, mtsogoleri wotchuka uja amene anatsogolera a Mormon kupita ku Utah. Tangoganizani, mwana wa kunyumba yaikulu ya ku Salt Lake City kukapezeka m'kanyumba kamene mphepo ikulowera m'mipata ya mitengo. Iye sanakhale pansi n'kumalira. Anatenga nsalu yofewa yotchedwa Canton flannel n'kukuta nayo makoma m'kati, kuti mukhale mofunda ndiponso mooneka bwino, mpaka anthu anaipatsa nyumbayo dzina loti "Canton Flannel Palace", kuiyesa nyumba yachifumu. M'menemo ndi mmene munkachitikira misonkhano, ndiponso alendo apaulendo ankagona momwemo hotela isanamangidwe. Kanyumbako kanali bwalo la mudzi wonse.

Nanga mitala ija? Ku Canada nakonso inakanika. Mu 1888 Card ndi akuluakulu ena a mpingo anapita ku Ottawa kukapempha nduna yaikulu John A. Macdonald kuti awalole kubweretsa akazi awo ena. Anakana. Pofika 1890 dziko la Canada linakhwimitsa lamulo loletsa mitala, ndipo chaka chomwecho Wilford Woodruff, mtsogoleri wa mpingo nthawi imeneyo, analengeza kuti mpingo ukusiya mchitidwewu.

Ndiye chinawasunga n'chiyani, poti chimene ankathawa chinali chitawapeza? Madzi. Anthu a ku Utah anali akatswiri a ulimi wothirira, ndipo kum'mwera kwa Alberta mvula ndi yosadalirika. Mu 1898 mpingo unagwirizana ndi kampani ya banja la Galt kuti ukumbe ngalande yotenga madzi mu mtsinje wa St. Mary, okumbawo n'kumalipidwa mbali ina ndalama, mbali ina malo. Midzi ya Magrath ndi Stirling inabadwa choncho mu 1899, Raymond n'kutsatira mu 1901, ndipo posakhalitsa kunamangidwa fakitale ya shuga.

Chimodzi musachiiwale mukadzapitanso: kumeneko kunali eni ake kale. Malire a dera la mtundu wa Kainai, amene mfumu yawo Red Crow inavomereza pangano ndi boma lotchedwa Treaty 7 mu 1877, ali m'mphepete mwenimweni mwa tauniyo, ndipo a Kainai akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti malo amene anapatsidwa ndi ochepa poyerekeza ndi amene anayenera kulandira.

Mukatuluka m'kanyumbako, mudzakwere kamtunda kukaona kachisi wa miyala yoyera amene anapatulidwa mu 1923. Card sanamuone kachisiyo. Atadwala anabwerera kwawo ku Logan, ndipo anamwalirira komweko mu 1906.