Amuna anga amawerenga mauthenga anga koma sayankha

Azakhali,

Ndakhala m'banja zaka 9 ndipo tili ndi ana awiri. Pamene tinali pa chibwenzi, amuna anga ankandiimbira foni usiku uliwonse, tinkacheza mpaka batire kutha. Masiku ano ndikawalembera uthenga pa WhatsApp ndimaona kuti auwerenga, chifukwa tizizindikiro tiwiri tija timasanduka tabuluu, koma pamapita maola ambiri osayankha pomwe foni ikuonetsa kuti ali pa intaneti. Akati ayankhe, amangolemba kuti "Chabwino" kapena kutumiza kachithunzi ka chala chachikulu.

Mwezi watha nditatopa nazo, ndinawalembera uthenga wautali wofotokoza zonse zimene zakhala zikundiwawa, kuyambira nkhani ya ndalama mpaka ya kubwera kunyumba mochedwa. Ndinaulemba ndili kuchipinda iwo ali pabalaza, chifukwa ndikamalankhula nawo pamaso ndimalira msanga ndipo mawu amandithera. Anauwerenga osayankha, ndipo m'mawa mwake ndinapeza kuti azimitsa tizizindikiro tija. Usiku wotsatira ndinatenga foni yawo ali m'tulo n'kuifufuza. Sindinapezemo mkazi aliyense, koma ndinaona kuti pa gulu la anzawo amalemba nkhani zazitali ndi nthabwala tsiku lonse. Zinandipweteka kwambiri moti ndinajambula uthenga wanga uja n'kutumizira alamu anga, alongo awo, kuti aone mmene amandichitira. Tsopano anaika pasiwedi yatsopano ndipo akuti ndinawachititsa manyazi kwa abale awo. Kodi chikondi chinatha? Nanga ndili ndi ufulu wowauza kuti andipatse pasiwediyo?

Mayi wosweka mtima

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo maulendo onse awiri ndinaima pamene mukunena kuti munali kuchipinda, amuna anu ali pabalaza, inu n'kumalemba. Pakati panu panali khoma limodzi ndi chitseko, koma madandaulo amene mwawasunga kwa zaka munawapatsira foni kuti ikawafikitse kwa munthu amene akanakumvani mukanangowaitana. Sindikukudzudzulani, chifukwa mabanja ambiri akuchita zomwezi masiku ano, koma ndikufuna muone kuti vuto lanu linakulira pamenepo.

Mauthenga a pafoni anayamba ngati chida cha nkhani zazifupi. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992, pamene injiniya wina dzina lake Neil Papworth anafunira Khirisimasi yabwino mkulu wina wa kampani ya Vodafone, ndipo unali wa mawu awiri okha. Uthenga umodzi wa SMS sunkanyamula zilembo zopitirira 160, choncho munthu ankangolemba kuti wafika, achedwa, kapena mwana wadzuka bwino. WhatsApp itabwera mu 2009 pamodzi ndi mapulogalamu ena otero, malire aja anachoka, ndipo anthufe tinayamba kulemba pafoni nkhani zimene kale tinkakhalira pansi n'kuyang'anana m'maso.

Vuto la mawu olembedwa n'lakuti amafika opanda kamvekedwe kake. Mawu akuti "chabwino" munthu angawanene mwachikondi, motopa, monyoza kapena mongofuna kuti nkhani ithe, ndipo khutu limasiyanitsa zonsezi mosavuta. Koma akalembedwa, wowerenga ndiye amawapatsa kamvekedwe, ndipo amakatenga mumtima mwake momwemo, moti ngati mtimawo uli wowawa kale, mawu aliwonse amamveka aukali. Ine ndemwe ndinakwiyirapo mng'ono wanga kwa masiku atatu chifukwa anandiyankha ndi liwu limodzi pa nkhani imene ndinkaiona yaikulu, mpaka pamene ndinadzamva kuti pa nthawiyo anali pamzere kuchipatala, mwana wodwala ali kudzanja limodzi, iye akulemba ndi chala chimodzi cha dzanja linalo.

Tizizindikiro tabuluu timene takusowetsani tulo tinayamba mu Novembala 2014, chaka chimene kampani ya Facebook inagula WhatsApp. Timangonena kuti uthenga watsegulidwa basi. Sitinena ngati munthuyo wauwerenga wonse, ngati ali ndi bwana pambali pake, kapena ngati wasowa chonena chifukwa cha manyazi. Chimodzimodzinso mawu oonetsa kuti munthu ali pa intaneti amangotanthauza kuti pulogalamuyo ndi yotsegula pafoni yake. Kale munthu akatumiza kalata ankadikira milungu ingapo osaganizako kuti wakanidwa, koma lero mphindi khumi zokha zikukwana kuti munthu aweruze mnzake mlandu wosamukonda.

Taganiziraninso za uthenga wanu wautali uja mmene unaonekera kwa woulandira. Munali nkhani ya ndalama, ya kubwera mochedwa, ndi zina zimene simunandiuze, zonse pamodzi, popanda mpata woti iwo anene kuti apa ndalakwadi koma apa simunandimvetse. Munthu wolandira uthenga wotere sadziwa poyambira, ndipo amadziwanso kuti chilichonse chimene angalembe chikhala pamenepo, chidzawerengedwa mobwerezabwereza pakati pa usiku, mwinanso chidzaonetsedwa kwa ena. Nthabwala za pa gulu la anzawo n'zopepuka chifukwa palibe amene adzawafunse mawa kuti ankatanthauza chiyani. N'chifukwa chake sindikuona kuchuluka kwa zimene amalemba kumeneko ngati umboni woti amakonda anzawo kuposa inu.

Izi sizikuwayeretsa amuna anu, ndipo ngati akuwerenga nawo, ndikuwauza mosabisa kuti analakwa. Mwamuna akalandira uthenga wa kulira kwa mkazi wake ali m'nyumba imodzi, ayenera kuika foni pansi, kudzuka pampando n'kukatsegula chitseko cha kuchipinda, ngakhale akhale kuti sakudziwa choti akanene. Kuzimitsa tizizindikiro m'mawa mwake kunali kuthawa nkhani, ndipo aliyense amene akanakhala m'malo mwanu akanamva ngati watsekeredwa kunja. Komanso n'zosamveka kuti munthu amene ali ndi nthawi yoseka ndi anzake tsiku lonse asowe mphindi imodzi yolembera mkazi wake chiganizo chathunthu.

Mbali yanu ndi chithunzi chimene munatumiza kwa alamu anu. Mkangano wa pakamwa ukatha, mawu ake amazimiririka ndipo pakapita miyezi aliyense amaukumbukira mofewerapo, pomwe chithunzi cha uthenga chimakhala mmene chinalili, pafoni ya munthu wina, ndipo simungachiitanenso kuti chibwerere. Inu ndi amuna anu mukadzagwirizana, alamu anu adzakhalabe ndi mndandanda wa zolakwa za mlongo wawo wolembedwa ndi dzanja lanu. Pamenepa mukuyenera kupepesa, komanso kuwapempha alamuwo kuti achifufute ndipo asachitumize kwina.

Za pasiwedi, kupempha mungathe, ndipo alipo mabanja ambiri amene foni zawo n'zotsegukirana popanda vuto lililonse, koma kulamula panopa kungangowonjezera moto. Kumbukirani kuti m'foni ya munthu mumakhalanso zinsinsi za anthu ena, monga mnzake amene anamuuza za matenda ake kapena m'bale amene ali m'ngongole. Chachikulu n'chakuti pasiwediyo sikupatsani mtendere umene mukuufuna. Munafufuza kale, simunapeze mkazi, koma mtima sunakhale pansi. Kuyambira mu 2017 munthu amatha kufufuta uthenga pa WhatsApp kuti uchoke mbali zonse ziwiri, ndipo mu 2020 panabwera mauthenga odzifufuta okha pakapita nthawi, choncho wofuna kubisa amabisa ndithu, ndipo wokayikira akapeza foni yoyera amangoganiza kuti zafufutidwa. Njira imeneyo ilibe pothera.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho yambani ndinu, ngakhale kuti kulakwa kuli mbali zonse. Sankhani madzulo amene ana agona, muwapemphe kuti foni zonse ziwiri zitsale m'chipinda china, ndipo muyambe ndi kupepesa za chithunzi chija komanso za kufufuza foni yawo ali m'tulo. Mukatero muwauze chimene mwandiuza ine koyambirira kwa kalata yanu, kuti mumakumbukira masiku amene ankakuimbirani mpaka batire kutha, chifukwa ndikukayika ngati zimenezi zinalimo mu uthenga wautali uja. Musaope kulira. Misozi ndi kunjenjemera kwa mawu n'zimene uthenga wanu unalibe, ndipo mwina n'zimene zikanawaonetsa kuti akulankhula ndi mkazi wopwetekedwa mtima, pomwe iwo ankaona ngati akuwerenga chikalata cha mlandu. Ngati mawu angakuthereni, lembani papepala mfundo zanu, koma muziwerenge ndi pakamwa panu iwo ali pomwepo.

Muwapemphenso chinthu chimodzi chaching'ono chimene angachikwanitse: akaona uthenga wanu ali otanganidwa, azilemba kuti "ndaona, tikambirana madzulo", ndipo madzulowo azikambiranadi. Inunso mulonjeze kuti nkhani zolemera simudzazilembanso pafoni.

Funso lanu lakuti kodi chikondi chinatha lidzayankhidwa ndi zimene adzachite mukadzakhala nawo pansi, chifukwa m'kalata yanu ndikuonamo anthu awiri amene anasiya kulankhulana, koma sindikuonamo munthu amene wachoka. Akadzakana kukambirana ulendo woyamba, dikirani masiku angapo muyesenso. Akadzapitiriza kukana, kapena kukambiranako kukadzasanduka kukuopsezani, pamenepo pezani mlangizi wa mabanja amene nonse mumamukhulupirira, ndipo mupite mukaonane naye pamaso. Pa tsiku loyambalo musatulutse zonse za mu uthenga uja. Tengani nkhani ya ndalama yokha, popeza ndi imene munaitchula poyamba, ndipo ya kubwera mochedwa muisungire tsiku lina.

Azakhali