Mphepete za juzi ya kroshe: kalukidwe koti zizitamuka n'kubwerera

Amai ena a ku Matero ku Lusaka alemba imelo kuti: "Ndalukira mwana juzi ya kroshe yoti azivala m'nyengo yozizira ya June. M'munsi ndi m'manja ndinaluka front post ndi back post mozungulira. Nditachapa, mphepete zatayirira, pomwe khosi ndi lothina, mutu sulowa. Ndalakwitsa pati?"

Amai, nkhani yagona pa kumene mizere ikulowera. Front post ndi back post (kuluka mokoletsa ulusi pa thupi la stichi, kutsogolo kapena kumbuyo) zimaoneka bwino, koma n'zokhuthala ndipo zikatamuka sizibwerera kwenikweni. Khosilo mwina munaliyamba ndi cheni, ndipo cheni satamuka. Mphepete yogwira bwino imalukidwa chopingasa, mizere yaifupi yochoka pa juzi kupita kunja n'kubwerera.

Mangani ulusi m'mphepete mwa juzi, mupange cheni 9. Kuyambira pa cheni wachiwiri, lukani single crochet (stichi yaifupi) 8 kubwerera ku juzi. Pangani slip stitch (kukoka ulusi n'kuudutsa mu stichi ndi m'kachingwe ka pa kroshe nthawi imodzi) m'mastichi awiri otsatira a juziyo, tembenuzani, dumphani ma slip stitch awiriwo, mulukenso single crochet 8, koma tsopano, mwa tizingwe tiwiri ta pamwamba pa stichi, kroshe yolukirayo izilowa m'kachingwe ka kumbuyo kokha. Apa ndiye pagona kutamuka konse: kachingwe ka kutsogolo kotsalako kamapanga mzere wotukuka, ndipo nsaluyo imapindikira pamenepo. Cheni 1, tembenuzani, bwererani chimodzimodzi mpaka muzungulire, kenako musoke mzere womaliza ndi woyamba. Muziwerenga 8 mzere uliwonse, chifukwa stichi ya pafupi ndi juzi imabisala, ndipo mphepete imayamba kuchepa inu osadziwa. Stichi ya kunja yomaliza muzibaya zingwe zonse ziwiri kuti mlomo uwongoke. Chenjerani ndi mapatani a ku Britain, iwo single crochet amaitcha double crochet.

Ngati juzi munaluka ndi kroshe ya 4 mm, apa gwiritsani ya 3.5 mm. Mphepete izikhala yaifupi pang'ono kuposa pamene ikulumikizidwa: dzanja la juzi la 20 cm, mphepete ya 18 cm. Kuti zitero, dumphani stichi imodzi ya juzi pakapita mizere 8 kapena 10. Pakhosi musadumphe kwambiri, ndipo muyese pamutu pa mwana musanadule ulusi.

M'malo mwa single crochet, ine ndimakonda slip stitch ya kachingwe ka kumbuyo m'manja mwa juzi, chifukwa imagwira kuposa zonse. Imachedwa, ndipo imafuna kroshe yokulirapo, monga 5 mm, ndi dzanja lofewa.

Ulusi wa thonje ukatamuka subwerera. Acrylic (ulusi wosakhala wachilengedwe) amene timagula ku msika wa Kamwala ali bwino, koma musamusite, chifukwa kutentha kumamulefula mpaka kale. Mukachapa, yalani juzi pathaulo pamthunzi, osati kuipachika pachingwe, madzi amaikokera pansi.

Juzi yomwe mwaluka kaleyo musaitaye. M'munsi ndi m'manja lowetsani lasitiki wopyapyala wonga ulusi kumkati ndi singano, mizere iwiri kapena itatu. Khosi lokha ndilo lofunika kumasula ndi kulukanso chopingasa.