Kodi kungogwiridwa mutu kungachize khosi ndi kusowa tulo?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Akuti khosi limawauma, mutu umawawawa madzulo aliwonse, tulo sitibwera. Mlamu wawo wa ku Johannesburg wawauza za craniosacral therapy, yoti munthu amangokugwira mutu pang'onopang'ono, thupi lonse n'kumasuka. Akufunsa kuti, "Kodi zimathandizadi, kapena ndi njira yongotidyera ndalama?"

Mayi, dzinalo lisakuopseni. Likungonena za chigaza ndi fupa la kumunsi kwa msana, pomwe msana umakumana ndi chiuno. Maganizowa anayamba ndi William Sutherland wa ku America cha m'ma 1930, yemwe ankakhulupirira kuti mafupa a chigaza amasuntha pang'ono. Kenako John Upledger, ali ku Michigan State University m'ma 1970, anawakonza n'kuwapatsa dzina limene mlamu wanu watchulalo. Ochita ntchitoyi amati madzi ozungulira ubongo ndi msana ali ndi kayendedwe kake, ndipo iwo amakamva ndi zala n'kukawongola.

Ine ndinayesapo kamodzi ndili paulendo kunja. Ndinagona chagada pa kabedi, zovala zili m'thupi, nsapato zokha ndizo ndinavula. Mayi wochita ntchitoyo anaika zikhatho pansi pa nkhongo yanga n'kungokhala chete. Sanakande, sanathyole khosi ngati amachitira ena aja. Amawaphunzitsa kukanikiza ndi mphamvu ya magalamu 5 okha, kulemera kwa pepala limodzi la A4. Ndinayamba n'kudandaula za ndalama zanga. Sindikudziwa kuti tulo tinanditenga nthawi yanji, ndinangodzidzimuka ola litatha, dovu lili patsaya.

Ndiye kupumula kokha, eee, kulipo. Koma nkhani ya mafupa ndi madziyo ine sindiikhulupirira. Munthu akakula, mafupa a chigaza amalumikizana zolimba, sangasunthidwe ndi chala chopepuka ngati pepala. Ofufuza atauza akatswiri awiri kuti awerenge kayendedwe kaja pa munthu mmodzi, mayankho awo sankagwirizana. Chimene chinandigoneka ine ndi chipinda chofunda, foni yozima, ndi munthu wondigwira mosamala popanda kundifunsa za fizi kapena ngongole. Agogo anga ankachita zomwezo akamandisisita mutu pamkeka, ndipo sankalipiritsa.

Chondidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mutu wa madzulo aliwonsewo. Kuno kwathu mutu wotere suyenera kuyamba ndi wosisita. Pitani kaye kuchipatala, kaya chaching'ono chapafupi kaya ku Mzuzu Central Hospital, akakuyezeni BP ndi malungo, ndi maso omwe ngati mumagwira ntchito pa kompyuta. BP imakwera mwakachetechete, ndipo chikhatho cha munthu sichingaitsitse. Amene anavulala m'mutu posachedwa, kapena anadwalapo sitiroko, asalole kugwiridwa chigaza asanafunse dokotala. Khanda lodwala nalo lipite kuchipatala.

Akakupezani kuti muli bwino, ndipo ndalama ilipo yosasokoneza ya ufa, yesani mukadzapita kwa alamu anuwo. Koma wina akakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, nyamukani pakabedipo. Pakadali pano, ndi kuzizira kwa Mzuzu kumeneku, nyikani kansalu m'madzi ofunda, mufinye, muike pakhosi musanagone. Mukakayezetsa mundilemberenso, ndikufuna ndimve manambala a BP yanuyo.