Mwavulala pa atachimenti ku fakitale: kodi chipukuta misozi chilipo?

Mwalemba kuti mukuphunzira ku yunivesite za kapangidwe ka zinthu m'mafakitale ogwiritsa ntchito isiti ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Sukulu inakutumizani ku atachimenti, ndipo tsiku lina mukutsuka thanki yowiritsira, soda ya kositiki, mankhwala amphamvu otsukira matanki, inakuotchani mkono poti magolovesi sanakupatseni. Abwana akuti inu si wantchito wawo, mudzionere nokha.

Achimwene, mawu amenewo asakufooketseni. Khoti siliyang'ana dzina limene anakupatsani pa geti, limayang'ana zimene munkachita. Ngati munkalowa shifiti, kulamulidwa ndi kapitawo, kuyeza kutentha kwa matanki ndi kulemba m'buku la fakitale monga anzanu olembedwa, muli ndi poyambira. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, la Workers' Compensation Act la 2000, limawerengera ngati wantchito ngakhale munthu amene ali pa mgwirizano wophunzira ntchito, wolembedwa kapena wapakamwa. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti simufunika kuonetsa kuti fakitale inalakwa; chachikulu n'chakuti munavulala muli pa ntchito. Komabe ndinene poyera: ngati simunkalandira kalikonse, ngakhale ya thiransipoti, kampani idzalimbikira kuti munali mlendo wa sukulu chabe. Apa kalata imene yunivesite inalembera fakitale ndi yofunika kwambiri. Ipezeni, muone amene anavomera kusenza udindo wa ngozi, komanso ngati pali inshuwalansi.

Njira imeneyo ikatsekeka, ina ilipo: kusumira fakitale chifukwa cha kusasamala. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, ndipo lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba ntchito kupereka zovala zodzitetezera. Kutuma wophunzira ku kositiki chimanjamanja, ine sindiona woweruza amene angakuone ngati nkhani yaing'ono. Mlandu wosumira kusasamalawu umayenera kulowa m'khoti pasanathe zaka 3, koma musadikire; mboni zimasamuka, anzanu a atachimenti akamaliza amabalalika.

Panopa lemberani fakitale kalata yofotokoza tsiku, nthawi ndi mmene ngozi inachitikira, musunge kope yosainidwa. Dokotala alembe lipoti losonyeza kukula kwa chilema, ndipo malisiti a mankhwala musataye. Kenako kaonekereni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.

Jambulani bala lanu, koma osati mabuku a kasakanizidwe ka zinthu kapena mtundu wa isiti wa kampani. Ambiri pa atachimenti amasaina pepala losunga chinsinsi osaliwerenga, ndipo chithunzi chimodzi pa WhatsApp chingawapatse abwana mlandu wokubwezerani. Akakuitanani kuti mulandire kangachepe n'kusaina kuti nkhani yatha, musasaine loya asanaone pepalalo.