Kwa mayi ofuna kukaona magorila: yambani ndi chilolezo, zina zonse zitsate pambuyo

Mayi, ndawerenga funso lanu lakuti inu ndi bambo a kunyumba, pamodzi ndi mwana wanu wa zaka 13, muli ndi masiku khumi ndipo mukufuna kukaona magorila a m'mapiri komanso nyama za m'tchire la udzu, koma simukudziwa ngati musankhe Rwanda kapena Uganda. Ine ulendo umenewu ndinauyenda, ndipo langizo langa ndi lakuti musankhe Uganda, ndiponso musagule tikiti ya ndege kapena kusungitsa malo ogona musanakhale ndi chilolezo cha magorila m'manja mwanu.

Ndiyambe ndi nkhani ya mwanayo chifukwa ingasinthe dongosolo lanu lonse. Mayiko onse awiri salola munthu wosakwana zaka 15 kulowa m'nkhalango kukaona magorila, ndipo amayang'ana pasipoti m'mawa wa tsiku lomwelo. Mukhoza kumusiya pamalo ogona ndi munthu womuyang'anira, koma ine ndikadakhala inu ndikadadikira zaka ziwirizo kuti tikalowe tonse, pakuti n'zopweteka kuti mwana ayende mtunda wonsewo n'kukangomva nkhani kwa makolo ake madzulo.

Magorila a m'mapiri amapezeka malo awiri okha padziko lonse, omwe ndi mapiri a Virunga, pamene pakumana malire a Rwanda, Uganda ndi Congo, komanso nkhalango ya Bwindi kumwera chakumadzulo kwa Uganda. Zotsatira za kalembera zomwe zinalengezedwa mu 2019 zinasonyeza kuti analipo 1,063, ndipo pafupifupi theka la chiwerengerochi linali ku Bwindi. Chifukwa cha kuchepa kwawoku, banja lililonse la magorila ozolowera anthu limaonedwa ndi alendo asanu ndi atatu okha patsiku, kwa ola limodzi basi. Apa ndi pamene pagona vuto la zilolezo: ndi zowerengeka, ndipo m'miyezi imene mvula imachepa, kuyambira Juni mpaka Seputembala komanso Disembala mpaka Febuluwale, zimatha kudakali miyezi ingapo.

Ku Rwanda chilolezo cha mlendo wochokera kunja ndi madola 1,500 kuyambira mu 2017. Ku Uganda bungwe loyang'anira nyama la Uganda Wildlife Authority linakweza mtengo kufika pa madola 800 mu Julayi 2024, koma linaikanso mtengo wotsikirapo, wa madola 500, kwa nzika za mayiko ena a mu Africa, choncho uzani kampani yokonza ulendo wanu kuti muli ndi pasipoti ya Malawi isanakulembereni mtengo. Ubwino wa Rwanda ndi kufupika kwa njira, chifukwa kuchokera ku Kigali kukafika ku Musanze, m'munsi mwa Volcanoes National Park, ndi maola osapitirira atatu pa msewu wabwino wa tara. Koma inu muli ndi masiku okwanira, ndipo ndalama zimene mungapulumutse pa zilolezo ziwiri zingakulipirireni masiku angapo a kutchire. Za ku Congo musaziganizire n'komwe pakadali pano, chifukwa chigawo chozungulira Goma chili pankhondo.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Bwindi ili ndi zipata zinayi, zomwe ndi Buhoma, Ruhija, Rushaga ndi Nkuringo, ndipo chilolezo chimalembedwa pa chipata chimodzi. Pamapu zimaoneka zoyandikana, koma misewu yake ndi yafumbi, yokhotakhota m'mapiri, moti kuchoka ku Buhoma kupita ku Rushaga kumadya maola ambiri. Pa ulendo wathu panali banja lina limene kampani yawo inawasungitsira malo ogona kumpoto pamene zilolezo zawo zinali za kumwera, ndipo anadzuka usiku wa manda kuti akafike nthawi yake, otopa kale asanayambe n'kukwera komwe. Ndiye chifukwa chake ndikuti chilolezo chitsogole. Pemphani kampaniyo ikutumizireni chithunzi cha risiti yochokera ku Uganda Wildlife Authority, yoonetsa tsiku ndi chipata, musanatumize ndalama zotsala.

Kwa inu ndingasankhe Buhoma, chifukwa ndi pafupi ndi Ishasha, chigawo chakumwera cha Queen Elizabeth National Park. Mukatera ku Entebbe, kudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, musalole kuti akuyendetseni tsiku limodzi mpaka ku Bwindi, pakuti ndi ulendo wa maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Gonani kaye ku Lake Mburo, komwe kuli mbidzi, nswala ndi akadyansonga, nyama zimene simukazipeza ku Queen Elizabeth. Kenako mupite ku Buhoma masiku awiri kapena atatu, n'kutsikira ku Ishasha ndi ku Mweya, chigawo china cha Queen Elizabeth, musanabwerere.

Tsiku la magorilalo limayamba m'mamawa ndi malangizo a alonda a nkhalango, amene amagawa anthu m'magulu poona msinkhu ndi mphamvu zawo. Musachite manyazi kunena ngati mawondo amakuvutani, chifukwa akhoza kukupatsani banja lomwe lili pafupi. Akatswiri olondola mapazi amakhala atalawirira kale kukafuna pamene magorila anagona, ndipo amalumikizana ndi wotsogolera gulu pa wailesi ya m'manja. Ulendo ungatenge ola limodzi kapena maola asanu, palibe angakulonjezeni. Nkhalangoyo ndi yowirira ndi yonyowa, imakwera kupitirira mamita 2,000, ndipo nthawi zina njira imachita kulambulidwa ndi chikwanje inu muli pomwepo. Valani nsapato zogwira bwino pansi zomwe munazizolowera kale, malaya a manja aatali, ndi magolovesi a kumunda chifukwa mudzagwira zomera zoyabwa ndi zaminga. Lowetsani buluku m'masokosi poopa linthumbu. Tengani chodzitetezera ku mvula ngakhale kumwamba kutayera.

Ndikukupemphani kwambiri kuti mukalembe wonyamula katundu, ngakhale chikwama chanu chitakhala chopepuka. Amalipidwa madola pafupifupi 20, ndipo ndi anthu a m'midzi yozungulira nkhalango, amene minda yawo ya nthochi ndi tiyi imafika m'malire enieni a paki. Mtsikana amene anandinyamulira chikwama anandigwira dzanja pamalo otsetsereka pomwe matope anali kundikoka miyendo, ndipo popanda iye sindikukhulupirira kuti ndikadafika. Anthu amenewa akamapeza chakudya kuchokera kwa alendo, nawonso amakhala alonda a nyamazo.

Mukayandikira, amakuuzani kusiya zikwama, ndodo ndi chakudya, n'kuvala chophimba kukamwa ndi mphuno. Lamulo limeneli si lachibwana, chifukwa magorila amafanana nafe kwambiri m'thupi moti chimfine wamba cha munthu chikhoza kuwapha, ndipo amene akudwala chifuwa kapena kutsegula m'mimba saloledwa kulowa. Amakuuzani kuima patali mamita angapo, kulankhula motsitsa ndi kuzimitsa kuwala kwa kamera. Ife tinayamba kumva kuthyoka kwa nthambi ndi kung'ung'udza kwapansipansi tisanaone kanthu. Kenako masamba anapatuka, ndipo mphongo yaikulu ya msana wotuwa inali itakhala pansi, ikusenda phesi ndi zala zake mosamala ngati mayi akusadzula nkhwani, kwinaku kamwana kakulendewera pa chingwe cha mtengo pamwamba pake. Inatiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kudya. Ola lija limatha ngati mphindi khumi, choncho jambulani pang'ono, kenako muike foni m'thumba muone ndi maso anu.

Za kutchire la udzu sindichulukitsa, poti inu mwina munafikako kale ku Liwonde kapena ku Majete ndipo njovu ndi mvuu si zachilendo kwa inu. Chachilendo ku Ishasha ndi mikango imene imakwera m'mikuyu masana n'kugona pa nthambi miyendo ili lendelende, ngakhale kuti kuiona kumafuna mwayi ndi wotsogolera wodziwa mitengo yake. Musaphonye ulendo wa paboti mu Kazinga Channel, mtsinje wolumikiza nyanja za Edward ndi George, komwe njati, njovu, ng'ona ndi mbalame zimadzaza gombe dzuwa likapendeka. Ngati mtima wanu ukadali ku Rwanda, paki yawo ya nyama zotere ndi Akagera, yoyendetsedwa ndi African Parks, bungwe lomwelo limene likuyang'anira Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Mikango anaibwezeretsako mu 2015 ndipo zipembere mu 2017.

Posankha kampani, funsani ngati galimoto ndi yanu nokha kapena mudzaphatikizidwa ndi ena, ngati ili ndi denga lotsegula, komanso ngati mtengo ukuphatikiza ndalama zolowera m'mapaki ndi boti. Zonsezi zilembedwe. Funsaninso ngati Uganda ikufuna khadi yachikasu yoonetsa kuti munabayitsa katemera wa matenda a yellow fever, yemwe ayenera kubayidwa masiku osachepera khumi musananyamuke, ndipo mankhwala oteteza malungo musawasiye poti Queen Elizabeth ndi kotentha. Popeza zilolezo zimalipidwa m'madola ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno kwathu, pitani ku banki yanu msanga ndi kalata ya mtengo yochokera ku kampaniyo, miyezi isanu ndi umodzi lisanafike tsiku limene mukufuna kulowa m'nkhalango.