Musangosiya ntchito, ndipo kalata ya kalaliki musasayine

Mayi a ku Thyolo, mwalemba kuti mwathyola tiyi pa esiteti ina zaka zisanu ndi ziwiri, koma kuyambira pomwe kunabwera kapitawo watsopano mtima sukukhalanso m'malo. Amakutukwanani pamaso pa anzanu, pa sikelo amakudulani makilo, ndipo maola owonjezera a m'nyengo ya mvula simunalipidwe. Amalume anu akuti ingosiyani kupitako, pomwe kalaliki wakuuzani kuti akulemberani kalata yosiyira ntchito, inu mungosayina kuti ndalama zanu zituluke msanga. Mukufunsa kuti mumvere uti.

Onse awiri akukuponyani m'dzenje, amalumewo mosadziwa. Za kalalikiyo sindinena.

Gawo 60 la lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, limalola wantchito kusiya ntchito ngakhale osapereka notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti munthu sangayembekezeke kupitiriza. Zikatero, lamulo limaiona nkhaniyo ngati kuti mwachita kuchotsedwa. Koma msampha uli pa gawo 61. Abwana akachotsa munthu, iwowo ndi amene ayenera kuonetsa chifukwa chomveka. Mukasiya nokha, katunduyo amagwera inu: muonetse khothi chimene chinakuthamangitsani. Ndaona milandu yabwinobwino ikufera pamenepa. Munthu wazunzika chaka chathunthu, afika kukhothi, loya wa kampani atulutsa pepala la mizere itatu loti "ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga pa zifukwa za kunyumba, zikomo pondisunga bwino", m'munsi muli siginecha kapena chidindo cha chala chake. Akati kapitawo ankanditukwana, amamufunsa kuti nanga bwanji simunalembe zimenezo, munathokozeranji? Kunena kuti kalatayo analemba ndi kalaliki kumathandiza nthawi zina, koma pamafunika mboni, ndipo anzanu amene adakali pantchito sakonda kukaima kukhothi kutsutsa wowalipira.

Nzeru ya amalume ndiye yoipirapo. Kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka ndi chimodzi mwa zifukwa zimene gawo 59 limalola abwana kuchotsera munthu nthawi yomweyo. Mukangokhala pakhomo, m'buku mwawo alemba kuti munathawa ntchito, ndipo nkhani ya kapitawo yathera pomwepo. Achibale amalangiza mosavuta chifukwa zaka zisanu ndi ziwirizo si zawo.

Choncho musanachoke, dandaulani polemba. Kalata ipite kwa manejala kapena ku ofesi yoona za antchito pa esitetipo, m'Chichewa momwemo. Tchulani tsiku, munda umene munali, mawu amene ananena, makilo amene munathyola ndi amene analembedwa. Ikhale iwiri, ina akusayinireni kapena akudindireni kuti alandira, mukasunge kunyumba. Akakana kusayina, perekani pamaso pa nthumwi ya bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWU, ndipo lembani tsikulo. Apatseni mpata wokonza zinthu. Mwina kukusinthani gulu kungathetse vutoli osataya ntchito. Akapanda kuchitapo kanthu, pamenepo kalata yosiyira ntchito lembani nokha, munene mosabisa kuti mukuchoka chifukwa cha nkhanza zimene munadandaula pa tsiku lakuti. Musachedwenso miyezi yambiri, angadzanene kuti munazolowera.

Sindingakulonjezeni kuti mupambana. Kutukwanidwa kamodzi kapena kawiri khothi likhoza kuona kuti sikukwana. Kutukwana kosalekeza pamodzi ndi kubedwa malipiro, abwana atauzidwa n'kungokhala chete, kuli ndi mphamvu ndithu, koma zidzatengera umboni wanu. Khothi likakhutira, gawo 63 limati chipukuta misozi cha amene wagwira zaka zopitirira zisanu koma zosapitirira khumi chisachepere malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, ndipo palinso ndalama za severance, zolipira zaka zimene munthu wagwira pantchitopo. Wosiya mwa kufuna kwake zonsezi sazilawa.

Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo lifike kwa mkulu wa zantchito wa boma lanu pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene mwachoka pantchito. Kumaofesi kuli matenda a "bwerani mawa", ndiye onetsetsani kuti dandaulo lalembedwa ndipo muli ndi pepala la tsikulo. Akalephera kukuyanjanitsani pa mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita ku khothi la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, ku Blantyre. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama za loya.

Za maola siziyenera kudikira kuti musiye ntchito. Sabata ya ntchito ndi maola 48. Opitirira apo amalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo pa tsiku lanu lopuma kapena la tchuthi cha boma ndi kawiri. Sungani mapepala a malipiro, ndipo gulani kope lolembamo makilo anu madzulo aliwonse. Ngati kusowa tulo ndi kupweteka kwa mutu zimene mwatchula m'kalata yanu zakufikitsani kuchipatala, adokotala alembe m'buku lanu la kuchipatala. Ndipo ngati kapitawoyo anayamba nkhanzazi mutamukana chibwenzi, zomwe kalata yanu ikuoneka ngati ikuzemba, mundilemberenso, chifukwa pamenepo pakulowanso lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, Gender Equality Act ya 2013, ndipo dandaulo lanu lilembedwa mwina.